Thina, makoswe a mu labotale, ndi mwana amene akuthandiza kupopera vanishi

Funso: Ndine kalipentala, ndili ndi shedi ku Chibavi muno mu Mzuzu. Timapanga mabedi, makabati ndi mipando, ndipo timapopera vanishi wosakaniza ndi thina. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 14 akaweruka kusukulu amabwera kudzandithandiza kupopera ndi kutsuka mfuti yopoperayo. Materemu awiri apitawa sanakhoze bwino, ndipo aphunzitsi akuti akuiwalaiwala. Alamu anga amene akuphunzira sayansi akuti anawerenga kuti makoswe opumitsidwa mankhwala a mu thina amalephera kuphunzira. Kodi khoswe amaphunzira chiyani, ndipo amamuyeza bwanji? Zimenezi zikukhudza mwana wanga? Mayi akunyumba nawonso ndi oyembekezera, ndipo masana amabwera ndi nkhomaliro kushediko.

Yankho: Bambo, alamu anuwo sananame. Ndiyambe ndi zoti muchite mawa lomwe. Mwana asapoperenso vanishi, asatsukenso mfuti ndi thina. Mayi asalowe mu shedi pa tsiku lopopera, nkhomaliro muzilandirira panja kapena muzikadyera kunyumba. Tsopano ndifotokoze chifukwa chake.

Thina ndi msakanizo wa mankhwala angapo osungunulira penti, ndipo kampani iliyonse imasakaniza mwa njira yake. Kawirikawiri mumakhala toluene, xylene, acetone ndi ena. Amene wafufuzidwa kwambiri pa makoswe ndi toluene, yemwenso amapezeka mu guluu womatira nsapato ndi mu petulo. Vuto la toluene ndi lakuti amakonda mafuta. Munthu akapuma nthunzi yake, pafupifupi theka limalowa m'magazi kudzera m'mapapo, ndipo m'mphindi zochepa amakhala atafika ku ubongo, chiwalo chimene chili ndi mafuta ambiri, makamaka m'zokutira za mitsempha. Chizungulire chimene mumamva mukapopera makabati awiri motsatizana chimachokera pamenepo. Chiwindi chimaphwanya toluene, nkutuluka mu mkodzo ngati mankhwala otchedwa hippuric acid. M'magazi amachepa m'maola ochepa, koma m'mafuta a m'thupi amatha kutsalira tsiku limodzi mpaka atatu.

Kuchuluka kwa nthunzi mu mpweya kumayezedwa mu ppm, kutanthauza magawo angati a nthunziyo pa magawo 1,000,000 a mpweya. Sungani manambala awa m'mutu, tiwagwiritsa ntchito. Bungwe la ACGIH la ku America, la akatswiri a zaumoyo wa pantchito, limati wantchito wa maola 8 asapitirire 20 ppm ya toluene. Ku Britain malire ake ndi 50 ppm. Amene amanunkhiza guluu dala mu pepala la pulasitiki amapuma ma ppm masauzande angapo.

Ofufuza amaika makoswe mu bokosi la galasi kapena la chitsulo losatulutsa mpweya m'mbali, koma lokhala ndi paipi yolowetsa mpweya ndi ina yotulutsa. Mpweya wa m'bokosilo uyenera kusinthidwa kosachepera ka 10 pa ola, ndipo makoswe onse pamodzi asadzaze malo opitirira magawo 5 pa 100 a bokosilo. Tiyerekeze bokosi la malita 200 limene mpweya wake ukusinthidwa ka 12 pa ola. Ndiye kuti pa ola pakudutsa malita 2,400. Kuti mpweya umenewu ukhale ndi 80 ppm, pamafunika toluene wokwana mamililita 0.8 okha pa ola, amene kapampu kamadontheza pang'onopang'ono mu paipi yolowetsa. Chida choyezera chimatsimikizira kuti mlingo sukukwera kapena kutsika. Gulu lina la makoswe limaikidwa mu bokosi lofanana nalo, maola omwewo, phokoso lomwelo, koma likupuma mpweya wabwino. Popanda gulu lachiwirili simungadziwe ngati khoswe wasokonezeka ndi mankhwala kapena ndi mantha a m'bokosi. Njira yachidule yongoponya thonje lonyowa ndi thina mu botolo nkutsekeramo khoswe imapereka zotsatira zosadalirika, chifukwa mlingo umayamba wokwera nkumatsika, mpweya wabwino umatha, ndipo nyamayo imazunzika popanda phindu.

Nanga khoswe amaphunzira chiyani? Amaphunzira malo. Khoswe amadziwa kusambira chibadwire koma madzi sawakonda, ndipo pamenepa ndi pamene Richard Morris, wa ku yunivesite ya St Andrews ku Scotland, anapezerapo njira yake mu 1981. Amatenga thanki yozungulira, yotambalala mamita 1.5 mpaka 2, nkuthiramo madzi ofunda pang'ono, cha m'ma 25°C. Amasungunuliramo mkaka wa ufa mpaka madziwo achite mbuu, pansi posaoneka. Pamalo amodzi amaimika kansanja kotambalala masentimita 10 mpaka 12, komira sentimita imodzi kapena awiri. Khoswe sangakaone, sangakanunkhize. Chimene angadalire ndi zinthu za m'chipindamo: chitseko, kabati, zithunzi zomatidwa pakhoma.

Tsiku loyamba mukamutsitsira m'madzi, nkhope italoza kukhoma la thanki, amangozungulira m'mbali, akukanda khomalo ndi timiyendo takutsogolo, mphuno ili m'mwamba. Masekondi 60 akatha asanakapeze, wofufuza amamulondolera ndi dzanja nkumusiya pa kansanjako masekondi 15 mpaka 30. Mukamuyang'ana pamenepo mumamuona akuima ndi miyendo yakumbuyo, akutembenuza mutu uku ndi uku. Akuloweza chipindacho. Amachita zimenezi kanayi pa tsiku, ulendo uliwonse kuyambira mbali ina ya thanki kuti asangoloweza zokhotera kumanja. Pofika tsiku lachinayi kapena lachisanu, khoswe wabwinobwino amalunjika pa kansanja m'masekondi osakwana 15. Kenako amachotsa kansanjako nkumusambitsa masekondi 60. Thanki mukaigawa panayi, khoswe amene sakukumbukira kalikonse amakhala pafupifupi masekondi 15 m'gawo lililonse, pamene wokumbukira amakakamira gawo limene munali kansanja, kudutsa pamalopo mobwerezabwereza. Yeso lomaliza ndi kusamutsira kansanja tsidya lina, kuti aone ngati angasiye zakale nkuphunzira zatsopano. Yeso limeneli ndi limene limagwira zofooka zing'onozing'ono.

Mu 1982 Morris ndi anzake anaonetsa kuti khoswe woonongedwa mbali ya ubongo yotchedwa hippocampus amalephera kupeza kansanja kobisika, koma kooneka amakapeza bwinobwino. Mu 1986 anaonetsa kuti mukatseka timakomo ta pa maselo a ubongo totchedwa NMDA, khoswe amasiya kuphunzira malo. Ndiyeno mu 1998 Silvia Cruz ndi anzake anapeza kuti toluene amatseka timakomo tomweti. Choncho nkhani ya thina ndi kuiwala ili ndi mutu wake, njira imodzi imene ingachitikire ikudziwika.

Mu 1993 gulu la ku Karolinska Institute ku Sweden linapumitsa makoswe 80 ppm ya toluene, maola 6 pa tsiku, masiku 5 pa sabata, kwa masabata 4. Ndi ndondomeko yofanana ndi ya munthu wa pa ntchito. Atawayeza patapita masiku angapo chisiyire kupuma mankhwalawo, makoswewo ankachedwa kuphunzira malo a kansanja poyerekeza ndi anzawo, komanso sankakumbukira bwino. Pa milingo yotsika chonchi, ofufuza ena anapeza kusiyana kochepa ndipo ena sanapeze kusiyana. Pamene zotsatira zimagwirizana kwambiri ndi pa milingo ya 1,000 ppm kupita m'mwamba, makamaka pa makoswe aang'ono amene ubongo wawo ukukulabe.

Za mayi oyembekezera, kafukufuku woyenera kumudziwa ndi wa Ulla Hass ndi anzake ku Denmark. Khoswe amakhala ndi bere masiku 21 mpaka 23. Mu 1995 anafalitsa zimene anapeza atapumitsa makoswe a bere 500 ppm ya xylene, maola 6 pa tsiku, kuyambira tsiku la 7 mpaka la 20. Ana anabadwa ooneka bwino, opanda chilema. Atakula, makamaka aakazi, ankavutika mu thanki ija. Mu 1999 anapeza zofanana ndi zimenezi ndi toluene wa 1,200 ppm. Chimene chimandidetsa nkhawa pa zotsatirazi ndi chakuti anawo sanapumepo xylene ndi mphuno zawo. Anamulandira m'mimba, pakuti mankhwalawa amadutsa mu nsengwa mosavuta, ndipo toluene amalowanso mu mkaka wa m'mawere.

Komabe si khoswe aliyense wochedwa kupeza kansanja amene waiwala, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa powerenga kafukufuku. Khoswe woyezedwa ola limodzi atatuluka m'bokosi amakhala ataledzera, ndiye mukuyeza kuledzera. Khoswe amene mankhwala amuwondetsa amazizidwa msanga m'madzi ndipo amasambira pang'onopang'ono, nchifukwa chake ofufuza abwino amayeza kutalika kwa njira imene wasambira ndi liwiro lake, osati masekondi okha. Makoswe oyera a maso ofiira, monga a mtundu wa Wistar ndi Sprague-Dawley, saona bwino ngati a Long-Evans, ndipo mankhwala akaonjezera vuto la maso zithunzi za pakhoma sangazione. Mayeso ayenera kukhala ndi ulendo wa kansanja kooneka, kokhala ndi kambendera, pofuna kutsimikizira kuti maso, miyendo ndi chidwi chothawa m'madzi zili bwino. Ana a mayi mmodzi amafanana, choncho ana 10 a khoswe mmodzi amawerengedwa ngati umboni umodzi. Ndondomeko nambala 426 ya OECD, bungwe la mayiko limene limakonza malamulo oyezera mankhwala, imafuna ana a makoswe aakazi pafupifupi 20 pa gulu lililonse. Ndipo woyeza asadziwe kuti khoswe uyu ndi wa gulu liti, chifukwa dzanja la munthu wodziwa limagwira nyama mosiyana iye osazindikira.

Chitsanzo chabwino cha msampha umenewu ndi chimene chinachitika mu 1983. Gordon Pryor ndi anzake ku California ankaphunzitsa makoswe kuthawa akamva kulira kwa chida. Opumitsidwa toluene wopitirira 1,000 ppm ankalephera, ndipo zinkaoneka ngati sakuphunzira. Atafufuza bwino anapeza kuti makoswewo sankamva. Toluene anali ataononga timaselo ta mkati mwa khutu, ndipo timaselo timeneti tikafa sitimeranso. Pambuyo pake zinadziwika kuti phokoso ndi toluene zikaphatikizana zimaononga khutu kuposa chilichonse pachokha. Kwa inu, Bambo, mfundo imeneyi ndi yaikulu, chifukwa mu shedi ya kalipentala makina opalira matabwa ndi sowo yamagetsi zimalira pomwe thina akununkha. Mwana amene sakumva bwino mawu a aphunzitsi amaoneka ngati woiwala.

Khoswe si munthu. Amapuma mofulumira kwambiri poyerekeza ndi kukula kwa thupi lake, amakhala zaka ziwiri kapena zitatu zokha, ndipo mu labotale amapuma mankhwala amodzi pamene inu mumapuma msakanizo. Phindu la khoswe ndi lakuti pa iye tingathe kuchotsa zifukwa zina zonse, monga mowa, njala ndi kusiyana kwa maphunziro. Ndipo zimene anaonetsa zikugwirizana ndi zimene madokotala anaona pa anthu. M'zaka za m'ma 1970, ku Denmark, Sweden ndi Finland, opaka penti a zaka zambiri pa ntchito ankadandaula kutopa, kuiwala, kupsa mtima msanga ndi kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Mu 1985 bungwe la WHO linachititsa msonkhano ku Copenhagen umene unagawa matendawa m'magulu. Kawirikawiri amabwera munthu atagwira ntchito m'nthunzi zaka 10 kapena kuposa. Matendawa akadziwika koyambirira munthu amachira akachoka m'nthunzimo, koma akakhazikika kuiwalako sikutheratu.

Tsopano tilowe mu shedi yanu. Tiyerekeze chipinda cha mamita 4 m'litali, 3 m'lifupi, 2.5 kupita m'mwamba, zitseko zotseka. Theka la supuni ya tiyi la toluene likauma lonse m'chipinda chimenechi, mpweya wafika kale pa 20 ppm. Mukapopera kotala la lita ya thina amene theka lake ndi toluene, mpweya osatuluka, mwayandikira 1,000 ppm, mlingo womwe uja unagonthetsa makoswe. Mashedi ambiri ali ndi mipata m'malata ndi m'matabwa, ndiye mlingo weniweni umatsikirapo, koma amene wagwira mfuti amapuma pamene nthunzi yachindikala kwambiri. Ndipo nyengo ya Mzuzu imatikankhira kolakwika. Mu June ndi July, kukazizira nkumawaza kamvula, vanishi amachita mbuu ndi chinyezi, ndiye anthu amatseka zitseko, ena mpaka kulowetsa mbaula kuti aume msanga. Mbaula imeneyo ichotseni lero. Nthunzi ya toluene imayaka ngakhale kutazizira mpaka 4°C, imalemera katatu kuposa mpweya, ndipo imayenda pansi ngati madzi mpaka kukapeza khala la moto. Mphuno musaidalire. Imamva toluene pa ma ppm ochepa kwambiri, koma pakapita mphindi zingapo imazolowera, munthu nkumati fungo latha pamene likuonjezereka.

Poperani panja pa mthunzi, kapena pansi pa denga lopanda makoma mbali ziwiri, mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu chapambali kuti itenge nthunzi kupita kutali ndi nkhope. Ngati mukupopera mkati, fani yotulutsa mpweya ikhale m'munsi, kuseri kwa chinthu chimene mukupopera, ndipo mpweya wabwino uzilowera mbali ina. Fani yake ikhale ya mtundu wosathetheka moto. Katundu wopopera kale aumire kwina, chifukwa amatulutsabe nthunzi kwa maola ambiri. Zitini muzitseka mukangothira. Nsanza zonyowa ndi thina muziponya mu chitini chachitsulo chovindikira, panja. Mfuti muzitsukira mu chitini chotseka, osati kupopera thina m'malere monga ambiri amachitira, pakuti ntchito yotsukayi, imene mwapatsa mwana poiona ngati yopepuka, ndi imodzi mwa zimene zimatulutsa nthunzi yambiri. Pamene kasitomala angalole, vanishi wosungunulira ndi madzi kapena kupaka ndi bulashi kumachepetsa vutoli kwambiri.

Kansalu ka kumphuno ndi masiki ya pepala zimagwira fumbi lokha, nthunzi imadutsa. Imene imathandiza ndi masiki ya labala yokhala ndi tizitini ta makala okonzedwa mwapadera. Ta ku Europe ndi ku South Africa timakhala ndi mzere wa bulauni ndi chilembo A, ndipo popopera mufune tolembedwa A2P2 kapena A2P3 kuti tigwirenso timadontho ta vanishi. Ndevu zimalowetsa mpweya m'mbali. Poyesa, phimbani tizitinito ndi manja nkukoka mpweya: masiki iyenera kumamatira kunkhope. Makalawo amadzaza, ndipo amadzaza msanga kukakhala chinyezi, choncho mukaweruka muzisunga tizitini mu pepala la pulasitiki lomanga bwino, ndipo mukangomva fungo mkati mwa masiki sinthani. Magolovesi opyapyala a latex toluene amawadutsa m'mphindi zochepa. A nitrile ochindikala amatetezako ku madontho ngati muwasintha akanyowa.

Pali zizolowezi zitatu zofala pakati pa amisiri zimene ndikupemphani musiye. Kusamba m'manja ndi thina kapena petulo kumachotsa mafuta a pakhungu, khungu limang'ambika, mankhwala nkumalowa. Pakani mafuta ophikira, pukutani ndi nsanza, kenako sambani ndi sopo. Kumwa mkaka mukatha kupopera sikutsuka kalikonse, chifukwa mkaka umapita m'mimba pamene mankhwala analowera m'mapapo ndipo ali kale m'magazi. Mowa ndiye woipitsitsa, pakuti chiwindi chimatanganidwa nawo nkusiya toluene akuzungulira m'magazi nthawi yaitali.

Za mwana wanu, materemu awiri a maola ochepa pa tsiku kawirikawiri safika poononga ubongo kotheratu, ndipo mpata woti abwerere mwakale ndi waukulu. Koma taganizani mmene tsiku lake likuyendera. Akupuma thina kuyambira cha m'ma 3 koloko mpaka dzuwa kulowa, nkufika kunyumba mutu ukuwawa, tulo tili m'maso, pa nthawi yomwe amayenera kutsegula kope. Izi zokha zikhoza kugwetsa mwana m'kalasi. Pa msinkhu wa zaka 14 ubongo ukukonzedwabe, ndipo mbali yake yakutsogolo imakhwima munthu atapitirira zaka 20. Lamulo la ntchito la dziko lino, Employment Act ya 2000, limaletsanso kugwiritsa mwana wa zaka 14 mpaka 18 ntchito yoika thanzi kapena maphunziro ake pachiswe. Luso la ukalipentala mumuphunzitse ndithu, kuyeza, kulemba, kulumikiza matabwa, koma pa masiku amene simukupopera.

Mupite naye kuchipatala, kaya ku chipatala chaching'ono cha pafupi kaya ku Mzuzu Central Hospital, ndipo mukanene momveka kuti wakhala akupuma thina kwa miyezi yakuti, maola akuti pa tsiku. Tengani chitini kapena chithunzi cha zolembedwa pa chitinicho. Pemphani kuti amuyeze makutu ndi maso, kuchuluka kwa magazi, malungo ndi likodzo, popeza zonsezi zimachititsa mwana kufooka m'kalasi. Ngati amapalanso ndi sandipepa zinthu za penti wakale wamafuta, nenani, chifukwa penti wina amakhala ndi mtovu umene umaononga nzeru za ana mwa njira yakeyake. Kuyeza hippuric acid mu mkodzo kumangoonetsa zimene munthu wapuma tsiku lomwelo, ndiye patapita sabata sikungakuuzeni kanthu. Muyeso wothandiza kwambiri ndi wakuti akhale kutali ndi nthunzi masabata 6 mpaka 8, inu ndi aphunzitsi ake mukuona ngati mutu wasiya kuwawa, ngati akugona bwino, ngati makope asintha. Mumufunsenso mofatsa muli awiri, mopanda kumukalipira, ngati anayambapo kununkhiza thina kapena guluu dala. Ana ena amayamba chonchi atazolowera kachizungulire ka ku shedi, ndipo kununkhiza dala kumatha kuimitsa mtima mwadzidzidzi ngakhale ulendo woyamba. Dzanzi kumapazi ndi kumanja, kudzandira poyenda, kunjenjemera kapena kulankhula mokoka lilime ndi zizindikiro zoti musadikire masabata amenewo. Dzanzilo limaloza kwambiri mankhwala ena otchedwa n-hexane, amene amapezeka mu guluu wina womatira.

Mayi akatchule nkhaniyi ku sikelo ulendo wotsatira. Kulowa mu shedi mphindi zochepa patsiku ndi kosiyana kutali ndi maola 6 a makoswe a ku Denmark, choncho asade nkhawa mopitirira, koma zovala zanu zantchito zisalowe kuchipinda chogona, muzizianika panja, ndipo asazichape zikununkhabe. Thina wogula mopimitsa musamusunge mu botolo la zakumwa, chifukwa khanda likubweralo posachedwa liyamba kukwawa. Mwana akamwa thina musamusanzitse, musamupatse mkaka kapena mafuta. Akasanza, mankhwalawo amalowa m'mapapo nkuyambitsa chibayo choopsa. Mupukuteni kukamwa, muvuleni zovala zimene zanyowa, nkuthamangira naye kuchipatala botololo lili m'manja.